Piyano ya aZgambo

Ku Wimbe mukafunsa za a Frazer Zgambo, anthu sayamba ndi kukuuzani kuti anali mphunzitsi, ngakhale theka la mudzi linaphunzira kulemba dzina m'manja mwawo. Satchulanso za fodya wawo, chifukwa kunena chilungamo fodya wa aZgambo sanali woti munthu n'kuima panjira kumuyamikira. Amayamba ndi kumwetulira, kenaka n'kukufunsani ngati mukunena aja a nyimbo zosafika kumapeto.

Bambowa kwawo kwenikweni ndi ku Chisemphere, cha kumpoto uko kumene Chichewa chimasakanikirana ndi Chitumbuka, ndipo mpaka lero akakwiya kwambiri kapena akathokoza kwambiri lilime limabwerera kwawo. Anakulira m'chigafa choumitsira fodya monga mwana aliyense wa ku Kasungu kuno. Bambo awo anali munthu wovuta pa kusankha fodya. Akapeza tsamba limodzi lobooka m'ndindi, kamtolo ka masamba kamene mwana wamanga, sankangolisolola ayi, ankamasula ndindi yonse kuti mwanayo ayambirenso. Frazer anakula akudziwa kuti cholakwika sachidumpha. Phunziro limeneli linamuthandiza m'zambiri, koma pa chinthu chimodzi linamumanga miyendo pafupifupi moyo wonse.

Piyano anaipeza ku sukulu ya uphunzitsi ya amishoni m'zaka za m'ma sevente. Inali m'chipinda cha mayi wina wachizungu wokalamba amene ankaphunzitsa nyimbo. Dzina lake lenileni ophunzira analisiya n'kumupatsa lakuti aBwerezani, poti m'Chichewa chake chonse mawu amene ankawatchula bwino anali amenewo. Anzake a Frazer ankangofuna solofa yokwanira kukatsogolera kwaya kumene akawatumize, koma iye belu likalira ankatsalira. Mayi uja anamuphunzitsa kuwerenga timadontho takuda tokhala pa mizere, n'kumupatsa mabuku atatu. Ankati nyimbo za piyano za kwawo zili ndi mibadwo, ndipo munthu wofuna kuimba yekha pamaso pa anthu amadutsa m'mibadwo itatu motsatana: wa Baroki, wa Kilasiko ndi wa Romantiki. Mayina amenewa aZgambo sanavutitse nawo munthu ku Wimbe. Iwo ankangoti nyimbo za agogo, za makolo ndi za ana.

M'nyimbo za agogo mawu amodzi amayamba okha, ena n'kuwatsatira m'mbuyo ndi nyimbo yomweyo, kenaka enanso, mpaka onse akuyendera limodzi koma osapondana. Za makolo ndi zaukhondo, zowongoka ngati mizere yoikidwa ndi chingwe, dzanja lina likafunsa lina limayankha. Za ana ndiye zamtima. Zimafulumira zikafuna, zimazengereza zikafuna, ndipo aBwerezani ankati sazikhulupirira kwenikweni, ngakhale ndi zomwezo zimene zinkawagwetsa misozi.

Mayi uja pobwerera kwawo anasiyira Frazer piyanoyo. Apa n'kuti atakwatira kale Enelesi Nachisale wa ku Wimbe n'kukakhala chikamwini kwa mkazi wake. Piyano inafika pa lole ya esiteti imene inkachokera ku okushoni yopanda katundu, ndipo itafika inakana kulowa pakhomo. Anthu akuyezayeza ndi kukangana, aTsoka Chisale, mlongo wake wa Enelesi, anali atatenga kale hamala n'kugumula mbali imodzi ya khomolo. ATsoka ndi munthu wa mtima wabwino ndi manja ofulumira, kungoti manjawo kawirikawiri amafika mutu ukadali m'njira. Piyano inalowa, ndipo khomo la nyumba ya aZgambo ndi lalikulu kuposa onse m'mudzimo mpaka lero.

Kuyambira pamenepo moyo unali m'mawa choko, masana khasu, madzulo piyano. Nthawi yothyola fodya manja amada bii ndi utomoni, ndipo aZgambo sankakhudza makiyi asanatsuke zala ndi phulusa, sopo ndi mandimu, mpaka aNachisale kudandaula kuti mtengo wawo wa mandimu umaberekera zala za munthu mmodzi. Wochuna piyano kuno kulibe, choncho ankachuna okha ndi sipanala imene wokonza njinga wa pa tiredingi anawawotcherera. Kutchalitchi ankaimba limba lopopa ndi mapazi, kufikira achinyamata anabweretsa kiyibodi ya batire imene imadziombera yokha ng'oma. AZgambo sanakangane nawo. Anangosamukira pa benchi la azibambo n'kumaimba besi. Mwa ana awo palibe anatengera. Chawezi, woyamba, amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo akabwera amaika foni yake pamwamba pa piyano.

Koma vuto linali lija la ndindi. Akayamba nyimbo madzulo, chala chikangophonya, ankaima, kupuma, n'kubwerera. Osati pamzere wolakwikawo ayi, koma koyambirira kwenikweni. Zaka zinadutsa mudzi wonse ukudziwa chiyambi cha nyimbo iliyonse ya m'mabuku atatu aja. Amayi popita kumjigo ankazing'ung'udza mpaka pamene aZgambo amaphonyera, n'kuimanso pomwepo, chifukwa kupitirira pamenepo palibe amene anamvako.

ANachisale ndiye sankawasiya. Ankati ngakhale ulaliki wa tsiku la mgonero umafika pa ameni. Ankati iwo adzalowa m'manda asanadziwe kumene nyimbozi zimapita. AZgambo akayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mayiwo ankati nkhono yakeyo iyenera kuti inafa kalekale. Ankanena akuseka, ndipo mwamunayo ankaseka nawo, koma pansi pa mtima zinkamupweteka, chifukwa ankadziwa kuti n'zoona.

Inalipo imodzi imene aNachisale ankaikonda, ngakhale sanavomerepo. Inali ya m'buku lachitatu, yoyenda pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere limangogwedezeka ngati mayi wotonthoza mwana kumsana, lamanja n'kumaimba pamwamba pake. Ikayamba imeneyi, phokoso la mbale kukhitchini linkatha. Koma chapakati pake pali malo amene nyimbo imakwiya, dzanja lamanja n'kufunika kutambasuka ndi kuthamanga nthawi imodzi, ndipo pamenepo ndi pamene aZgambo ankagwera chaka ndi chaka. Tsamba lomaliza ankalidziwa. Ankaliimba palokha Lachinayi, mkazi wawo akapita ku Chigwirizano cha amayi, koma ankaliimba mwamanyazi ngati munthu wodya chimene sanachigwirire ntchito. M'nyumba mukakhala munthu sankalitsegula.

Nyamakazi inayamba mwakachetechete. Anaizindikira nthawi yosoka fodya, singano itayamba kuwapulumuka. Mfundo za zala zinatupa, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zinayamba kupindikira m'kati ngati zagwira kanthu. Kuchipatala sanawanamize. Anawauza kuti mankhwala achepetsa ululu koma zala sizibwerera, ndipo nyengo yozizira iliyonse izitengako gawo lake. Pobwerera njinga sanaikwere, anangoikankha njira yonse.

Madzulo amenewo anakhala pa piyano osaitsegula. ANachisale atalowa kudzaona chimene chachititsa bata, aZgambo anawauza osatembenuka. Anati akufuna aimbe pamaso pa anthu kamodzi kokha, nyimbo zitatu, imodzi ya mbadwo uliwonse monga aBwerezani anawaphunzitsira, kuyambira poyambira mpaka pothera, osabwerera m'mbuyo. Anati ziyenera kuchitika chisanu chenicheni chisanafike, chifukwa chaka chamawa zala zimenezi sizidzakhalapo. Ankayembekezera kusekedwa, koma mayiwo sanaseke.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Chawezi," anatero. "Sankhani tsiku."

Anasankha mwezi wa Juni, mabelo ambiri atapita ku okushoni, anthu atayamba kupeza mpata wokhala pansi. Malo okwana anthu anali tchalitchi chokha, ndiye nkhani inapita kwa akulu a mpingo. Akuluwo anafunsa mawu a nyimbozo, ndipo atamva kuti zilibe mawu anayang'anana. Mmodzi anafunsa kuti adziwa bwanji ngati si za kumowa. AZgambo anayankha kuti amene anapeka yoyambayo anagwira ntchito m'tchalitchi moyo wake wonse, ndipo za enawo anangokhala chete. Wina anadandaula kuti munthu kuimba yekha, khamu lonse litangokhala n'kumamuyang'ana, n'chimodzimodzi kudya wekha pamaso pa alendo. Komabe anawalola, Loweruka masana, bola ayambe ndi pemphero. Zitalengezedwa Lamulungu, anthu anagwedezana m'mabenchi. Ambiri anatsimikiza zobwera, ena chifukwa chokonda mphunzitsi wawo, ena kuti adzaone ndi maso ngati adzamalizedi.

Masabata otsatirawo aZgambo anamenyana ndi chizolowezi chawo. Nyimbo ya agogo ndi ya makolo anazigonjetsa, akukukuta mano pa cholakwika chilichonse chimene anachidumpha. Yachitatu inakana. Akafika pamalo paja zala zopindika zinkalephera kutambasuka, ndipo manja ankanyamuka okha kubwerera koyambirira mwini asanawauze.

Tsiku lina aTsoka anabwera kudzakambirana za ngolo yonyamulira piyano, n'kupeza alamu awo atalowetsa mutu m'kati mwake, sipanala ili m'manja. AZgambo anadandaula ngati mmene munthu amadandaulira za nyengo, osayembekezera kuti wina achitapo kanthu. Anati mwezi uno piyano imauma ngati tsamba la pamwamba pa chigafa, matabwa akauma mawaya amakhwefuka, ndiye uchune lero mawa yasinthanso. ATsoka anagwedeza mutu kwambiri. Pa zaka zonse zimene anakhala akumva za chilombo chimenechi, aka kanali koyamba kumva mawu amene anawamvetsa bwinobwino.

Mlimi wa fodya aliyense amadziwa kuti tsamba louma saligwira, limafumbutuka m'manja. Mukafuna kusankha fodya mu Juni mumayamba mwamufewetsa. Mumawaza madzi pansi, kunyowetsa masaka, n'kuphimba zonse ndi pepala la pulasitiki, ndipo kukacha tsamba limakhala lofewa ngati nsalu. Pa ntchito imeneyi aTsoka analibe mnzawo m'mudzi monse.

Lachinayi piyano anaikweza pangolo, pamwamba pa matiresi, ng'ombe zikuyendetsedwa ngati zanyamula wodwala. Anaiika kutsogolo kwa tchalitchi. AZgambo anaichuna komaliza, kuitseka, n'kupita kunyumba, kumene aNachisale analamula kuti Lachisanu lonse manja apume m'madzi ofunda. Kiyi wa tchalitchi amakhala ndi aTsoka. Dzuwa lisanalowe anabwera ndi ndowa ndi masaka. Anayala masaka onyowa pamwamba ndi m'mbali, anatsegula chivindikiro n'kulendewetsa lina m'kati, anawaza simenti yonse yozungulira, n'kuphimba ndi pepala la kunazale, m'mphepete atatsindira ndi njerwa kuti chinyezi chisathawe. Lachisanu anabweranso kudzawonjezera madzi. Sanauze munthu, chifukwa ankafuna alamu awo adzadabwe. Amati safunsa adadya phula, koma ulendo uno amene anadya phulalo anali wina.

Loweruka m'mawa aZgambo atalowa m'tchalitchi anamva fungo la m'chigafa. ATsoka anachotsa njerwa, n'kuvundukula pepala, nkhope ili ngwee.

"Alamu, igwireni muone mmene yafewera."

AZgambo anayang'ana masaka akudontha. Anatsegula makiyi, n'kudina limodzi. Linatsika, n'kukhala komweko. Anadina lina, nalonso osabwerera. Matabwa onse ang'onoang'ono a m'kati anali atamwa madzi n'kutupa. Anaima nthawi yaitali manja ali lende. Mawu amene anafika pakamwa sanali oyenera m'nyumba ya Mulungu. Koma mkamwini sakalipira mwini mbumba pamaso pa anthu, komanso nkhope imene inali patsogolo pawo inali ya munthu amene watunga madzi masiku awiri chifukwa cha chikondi. Anakumbukira kuti wodandaula za kuuma anali iwo eni, ndipo walira mvula walira matope.

"Yewo, alamu," anatero, ndipo amene analipo sanadziwe ngati Chitumbukacho chinali cha mkwiyo kapena cha kuthokoza.

ATsoka ataona makiyi ali chigonere anazindikira okha. Anavula chipewa. Kenaka manja aja anayambanso kufulumira, akuti aitulutsire padzuwa, kapena akoleze mbaula pansi pake, ndipo aZgambo anachita kuwagwira mkono kuwauza kuti ikauma mwamsangamsanga ing'aluka. Anachotsa matabwa akutsogolo kuti m'kati mupite mphepo, n'kutsegula mazenera onse. M'kati mwa piyano muli tinyundo tovala ubweya, kiyi lililonse ndi kake. Ukadina kiyi kanyundo kamamenya waya n'kubwerera. Pofika masana makiyi ambiri anali atadzuka, koma tinyundo tingapo ta pakatikati, pamene nyimbo zimayendayenda kwambiri, tikamenya tinkakakamira pawaya pomwepo mpaka munthu atatikankha ndi chala.

Anthu anali atayamba kufika. AZgambo anaitanira mkazi wawo kuseri kwa tchalitchi n'kuwauza kuti aimitsa, adikira iume, adzaimba mwezi wamawa. Anati sangaimbe nyimbo yobooka pamaso pa anthu. ANachisale sanayang'ane nkhope yawo, anayang'ana manja. Onse awiri ankadziwa chimene mwezi wa Julaye umachita ndi mfundo za munthu.

"Mwezi wamawa piyano idzakhala itauma," anatero mayiwo, "koma woiimba adzakhala ndani?"

ANachisale anapitiriza kuti ngati vuto ndi tinyundo tokakamira, iwo aima pambali azitibweza, poti akhala akuchotsa mphukira m'fodya wa aphunzitsi zaka zonsezi popanda wowaphunzitsa. AZgambo anayesa kunena kuti mwambo wake wa kuimba kotere n'ngwakuti kutsogolo kumakhala munthu mmodzi. Mayiwo anati mwini mwambowo anabwerera kwawo kalekale, ndipo analowa m'tchalitchi osadikira yankho.

Tchalitchi chinadzaza kuposa tsiku la Khirisimasi. Panali amayi a Chigwirizano, anyamata a kiyibodi aja, ndi azibambo amene aZgambo anawakwapulapo ali ana, tsopano aimvi. Ena anachokera ku Lisasadzi pa njinga. Mkulu wa mpingo anapemphera, n'kupempherera ngakhale piyano. AZgambo, atavala jekete ya m'masiku a uphunzitsi, anafotokoza mwachidule za mibadwo itatu ija, n'kukhala pansi. ANachisale anaima kumbali, chitenje atachimanga zolimba, dzanja lili pamwamba pa tinyundo.

Nyimbo ya agogo inayamba ndi mawu amodzi okha, owonda m'chipinda chachikulu chotero. Achiwiri analowa, kenaka achitatu. Kanyundo koyamba kanakakamira, aNachisale anachedwa kukabweza, ndipo pamene panayenera kumveka mawu panamveka phwii. Koma aZgambo sanaime, anadutsa. Kanyundo kachiwiri mayiwo anakagwira nthawi yake. Kumbali ya amayi kunayamba kumveka kung'ung'udza, poti chiyambi chimenechi aliyense ankachidziwa, ndipo anthu a kuno kumva nyimbo osaithandiza amaona ngati mwano. Anaiperekeza mpaka pamene imathera masiku onse. Nyimbo inapitirira, kung'ung'udza kunatsalira m'mbuyo, ndipo m'tchalitchi munagwa bata loti mumamva mbuzi kunja. Mawu onse aja anathamangitsana mpaka anakumana pamodzi n'kuima. Anthu anawomba m'manja modabwa, ngati aona munthu amene ankamudziwa pa njinga akutsika m'basi.

Ya makolo ili ndi zigawo zitatu, ndipo aZgambo anaiwala kuchenjeza anthu. Chigawo choyamba chitatha nthungululu zinalira, bambo wina n'kuimirira kuvala chipewa kuti azipita. Nyimbo itayambanso anakhala pansi mofulumira, tchalitchi chonse n'kufa nacho chiseko. AZgambo nawonso anaseka, ndipo chigawo chapakati, chomwe ndi chodekha, anachiimba bwino kuposa mmene anachiimbirapo kunyumba. Chitatha anthu anawombanso m'manja, n'kupezanso kuti afulumira. Chigawo chomaliza ndi chothamanga, ndipo pochimaliza mfundo za dzanja lamanja zinali zikuyaka moto. Anaika manja pamaondo kanthawi. ANachisale anapukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

Dzuwa linali litapendeka, likulowa pa mazenera a kumadzulo, pamene anatsegula buku lachitatu. Dzanja lamanzere linayamba kugwedezeka, lamanja n'kulowa pamwamba pake. Ulendo uno palibe anang'ung'udza. ANachisale sankayang'ananso tinyundo, chala chinkangopita chokha, maso ali pa khoma. Piyano yonyowayo mawu ake anali ogonthera pang'ono, ndipo kwa nyimbo imeneyi zinakhala ngati zikuyenera. AZgambo anamva mantha akukwera pamene tsamba linkayandikira pamalo paja, mantha omwe aja a mwana womanga ndindi bambo ake ataima kumbuyo.

Nyimbo inakwiya, dzanja linayesa kutambasuka, zala ziwiri zija zinakana. Zinagwera pa makiyi olakwika, tinyundo titatu n'kukakamira nthawi imodzi, ndipo phokoso lake ngakhale mwana akanadziwa kuti si mmenemo. Manja ananyamuka. Maso anapita kumanzere, koyambirira kwa nyimbo. Mudzi wonse unkalidziwa bata limeneli, unkalimva madzulo aliwonse kwa zaka makumi anayi, ndipo anthu anazyolika chifukwa chomumvera chisoni mphunzitsi wawo. Kumbuyo aTsoka anaphimba nkhope ndi chipewa.

ANachisale anabweza tinyundo tija kamodzikamodzi, mosafulumira. Kenaka anawerama pang'ono n'kulankhula motsitsa, moti anamva ndi a pabenchi loyamba okha.

"Pabooka pabooka, bambo a Chawezi. Ine ndaima pano kudikira kutsogoloko."

AZgambo anayang'ana zala zawo zopindikazo. Kuti abwerere koyambirira, zikanawafikitsanso pomwepa, mwina osafika n'komwe. Anatsitsa manja pamene anagwera, kusiya malo obookawo ali chibookere, n'kupitirira. Mizere yotsatira anaidutsa movutika, mawu ena akutayika m'njira. Kenaka mkwiyo wa nyimbo unaphwa, ndipo aNachisale anawatembenuzira tsamba lomaliza.

Pa tsamba limeneli nyimbo ya poyamba ija imabweranso, koma yotsika ndi yofooka, ngati munthu wobwera kuulendo wautali. Dzanja lamanja limanena zimene linanena kale, n'kusiyira pakati, n'kuyesanso, mawu akucheperachepera. Lamanzere limagwedezeka mochedwerachedwera. Palibe kukwera, palibe kugunda kwakukulu koti anthu adziwire poombera m'manja. Mawu otsiriza aZgambo anawaika pansi mofatsa kwambiri, phazi lili pa chopondera, n'kudikira mpaka waya womaliza anasiya kunjenjemera. Anthu, poti anali atapsa kale kawiri, sanayerekeze kuwomba m'manja. Anakhala chete kudikira chigawo china, mpaka anaona mphunzitsi akutseka buku.

Za m'manja ndi nthungululu zimene zinatsatira, ndi za aTsoka amene anabwera kutsogolo misozi ili mbwembwembwe kudzagwira alamu awo chanza ndi manja awiri, anthu amasimbabe. Piyano inatsala m'tchalitchi kuti iume bwino, ndipo inauma, tinyundo tonse n'kumasuka. Koma Julaye anachita monga ananenera achipatala. Pofika nthawi yofesa nazale dzanja lamanja silinkathanso kugwira sipanala, ndipo nyimbo ija aZgambo sanaiimbenso.

Madzulo a Loweruka limenelo anabwerera kunyumba awiriwiri, m'njira yodutsa m'minda momwe munali mutatsala mapesi okhaokha a fodya. ANachisale ananyamula mabuku atatu aja pamutu. Atayandikira mjigo anafunsa ngati nyimbo ija imathadi chonchija, kapena aphunzitsi anachita kuichepetsa chifukwa cha zala. AZgambo anati ndi mmene anailembera mwini wake.

"Ine ndinkayesa kumapeto kuli chikondwerero," anatero aNachisale. "Mukanandiuza kuti imatha ngati munthu akutsanzika, sindikanakufulumizitsani zaka zonsezi."

Mphepo ya Juni inali itayamba kuzizira. Mayiwo anaima, n'kutenga dzanja lamanja la mwamuna wawo, chinthu chimene sanachitepo panjira chikwatiranirane, n'kulikulunga m'nsonga ya chitenje. Anayenda choncho mpaka kunyumba.